Abusa, Ndidikire Mpaka Liti?

Uthenga wa pa wailesi wolalikidwa ku Chintheche
Mawu: Genesis 16 ndi Eksodo 2:1-10

Asodzi amene mukukonza nyali kuti mulowe pa nyanja, timuoneni. Amayi amene muli pamoto ndi mthiko wa kondowole, ikwezeni pang'ono wailesiyo, chifukwa uthenga wa lero ndi wanu. Abambo musachoke, gawo lanu lilimo. Tiyeni tipemphere. Atate, m'dzina la Yesu, gwirani lilime langa kuti ndisapweteke munthu amene wapwetekeka kale, komanso kuti ndisabise choonadi chifukwa choopa nkhope za anthu. Amen.

Lero ndabwera ndi nkhani imene sitiikamba paguwa, koma imakambidwa monong'ona ku dooko, ku chigayo ndi m'mafoni usiku. Nkhani ya mayi amene zaka zapita, banja silinabwere, ndipo wafika ponena kuti: basi, ndingobereka mwana wanga, ndilere ndekha.

Masabata atatu apitawa, titaweruka m'tchalitchi, mlongo wina anatsalira. Wandilola kuti ndikambe nkhani yake, bola ndisatchule dzina, ndipo zina ndazisintha kuti musayambe kuloza zala. Ali ndi zaka 42. Amagwira ntchito, anamanga nyumba yake ya malata, chakhumi amapereka, kwaya amaimba. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Abusa, ndaganiza. Ndikufuna mwana. Pali bambo wina wavomera kundithandiza. Ali ndi banja lake, koma ine sindikufuna ndalama zake, sindikufuna dzina lake, sindikufuna kupasula nyumba yake. Ndikungofuna mwana basi, dzuwa lisanandilowere."

Ine, monga mwa chizolowezi chathu abusa, pakamwa panatseguka pokha. Ndinati, "Mlongo, dikirani pa Ambuye, nthawi ya Mulungu ndiyo yabwino." Anandiyang'ana, osakwiya ayi, n'kuti, "Abusa, mawu amenewo mwandiuza kwa zaka 12. Inu mukafika kunyumba ana amakuthamangirani pa geti. Ine ndikafika ndimatsegula loko, ndi kuyatsa wailesi kuti m'nyumba mumveke mawu a munthu. Ndidikire mpaka liti?"

Abale, ndinasowa chonena. Ku sukulu ya Baibulo anatiphunzitsa zambiri, koma funso limenelo silinabwere pa mayeso. Ndinamupempha kuti andipatse nthawi. Ndasala kudya, ndawerenga, ndafunsa amayi kunyumba, ndipo yankho langa ndi limene mumve lero. Ndikudziwa kuti iye akumvera, ndipo ndikudziwa kuti sali yekha.

KUFUNA MWANA SI TCHIMO

Choyamba ndinene mosapsatira: njala yofuna mwana si tchimo, si kusowa chikhulupiriro, si chiwanda. Anaiika ndi Mulungu. Pa 1 Samueli 1 timamuona Hana akulira mpaka kukana chakudya. Mwamuna wake Elikana ankamukonda, koma sanamvetse, ankaganiza kuti chikondi chake n'chokwanira kutseka dzenje limenelo. Wansembe Eli naye sanamvetse, anamuyesa woledzera. Mukuona? Munthu wa Mulungu anaona mayi wosweka mtima n'kumupatsa dzina lolakwika. Ife abusa takhala a Eli nthawi zambiri.

Ndiulule tchimo langa pa wailesi pano. Mlongo ameneyu ndinamuimika kutsogolo katatu konse, kumupempherera kuti mwamuna wauzimu amusiye. Sindikukana kuti mphamvu za mdima zilipo, zilipo ndithu, ndipo m'dzina la Yesu zimathawa. Koma sindinamufunsepo n'kamodzi komwe kuti, mlongo, moyo wanu unayenda bwanji? Nditafunsa tsopano, ndinamva izi. Makolo ake onse awiri anamwalira iye ali ku sekondale, zaka zija Edzi inkakolola anthu m'mbali mwa nyanja muno, ma ARV aulere asanayambe mu 2004. Anatsala ndi ang'ono ake anayi. Zaka zimene anzake ankavala mphete, iye ankasaka fizi. Mnyamata amene anamutomera anakwera basi ya ku Joni, anaimba foni chaka choyamba, chachiwiri zii. Anamudikira zaka zisanu ndi ziwiri, kenaka anangoona zithunzi za ukwati pa Facebook. Ndiuzeni, chiwanda chili pati apa? Apa pali mtsikana amene anapereka unyamata wake kuti ena adye.

Ife a ku Nkhata Bay nkhani ya amuna opita ulendo timaidziwa bwino. Kuyambira pamene mishoni inafika ku Bandawe mu 1881 ndi kutsegula sukulu, anyamata akuno akhala akutsikira kumwera, ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya Johannesburg. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira konkuno, anakayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Timanyadira zimenezo. Koma mawu akuti matchona sanabwere ndi mphepo. Kuseri kwa mtchona aliyense kuli mkazi amene anatsala akuyang'ana njira. Ndiye mukamuona mayi wa zaka 40 ali mbeta, musathamangire kunena kuti ndi wonyada, amasankha kwambiri, kapena anamulodza azakhali ake. Funsani kaye.

Ndipo tinene zoona pa za thupi. A chipatala amatiuza kuti mayi akapitirira zaka 35 mwayi wotenga pakati umayamba kuchepa, akafika m'ma 40 umachepa kwambiri, ndipo ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Mlongoyu akamati dzuwa lapendeka sakunama. Mulungu amene anatsegula mimba ya Sara ndi ya Elizabeti sanasinthe, aleluya, ndipo ine ndimakhulupirira zozizwitsa. Koma chenjerani ndi munthu amene akukupatsani deti, kuti pofika Disembala mudzakhala pa ukwati, bola mugule mafuta awa, mubzale mbewu yakuti. Disembala akadutsa, iye ndalama wadya, inu mwatsala ndi botolo ndi mtima wokwiyira Mulungu pa lonjezo limene Mulungu sanapereke.

NJIRA YA CHIDULE YA SARAI

Tsono tibwere pa Genesis 16. Abramu ndi Sarai anali atakhala zaka 10 m'dziko la Kanani, lonjezo lilipo, mwana palibe. Sarai anatopa, ndipo ine sindimuweruza. Anapeza nzeru imene inali yololedwa pa chikhalidwe cha nthawi yake: anapereka mdzakazi wake Hagara kwa mwamuna wake kuti apeze mwana kudzera mwa iye. Pa mapulani zinaoneka zosavuta. Palibe wovulala, aliyense wavomera. Koma mimba itangooneka, m'nyumba munalowa chipongwe, nsanje ndi nkhanza, mpaka Hagara anathawira m'chipululu ali ndi pakati. Ismayeli anabadwa Abramu ali ndi zaka 86. Isake anabwera patatha zaka 14, ndipo pa chaputala 21 tikupeza mayi ndi mwana akuthamangitsidwa ndi mkate ndi thumba la madzi.

Mlongo wanga, pamene munandiuza kuti bambo uja wavomera, munawerenga anthu awiri, inu ndi iye. Koma m'nkhaniyi muli anthu ena awiri amene simunawafunse.

Woyamba ndi mkazi wake. Pakali pano mwina ali ku nyanja akutsuka mbale, sakudziwa kuti kwinakwake akukambirana zobwereka mwamuna wake ngati akubwereka nkhwangwa. Inu mumadziwa kuwawa kwa kusiyidwa, munakulawa ndi wa ku Joni uja. Mungamwetse mkazi mnzanu chikho chomwecho? Mukuti simukufuna kupasula nyumba. Koma chinsinsi cha mimba sichikhala m'thumba. Mwana adzatuluka ndi mphumi ya bambo ake, adzayenda ngati iwo, ndipo pa msika wa Chintheche anthu ali ndi maso.

Wachiwiri ndi mwanayo. Lero ndi loto, koma mawa adzakhala munthu wa pakamwa pake. Tsiku lina adzabwera kuchokera ku sukulu n'kufunsa kuti, amayi, bambo anga ndani? Mudzamunamiza kuti anamwalira, pamene akukumana nawo pa msewu? Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 23, amanena kuti mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Inu mukhoza kunena kuti sindikufuna dzina lake, sindikufuna ndalama zake. Koma zimene mukukanazo si zanu, ndi za mwana. Ndaimapo pa maliro ambiri m'mudzi muno. Ndaonapo mnyamata ataima patali pansi pa mtengo wa mango, osadziwa ngati alowe m'siwa kapena ayi, pamene m'bokosi muli bambo ake omubala. Walira mvula walira matope.

Pali chinanso. Bambo amene wavomera msanga chonchi kuthandiza inu, mukuganiza kuti ndinu woyamba kuthandizidwa? Inde, lero kuli mankhwala, ndipo kuyambira 2011 dziko lathu limapereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi kachilombo, kuti mwana atetezedwe. Tikuyamika Mulungu pa zimenezo. Koma inu amene munaika makolo anu m'manda chifukwa cha matenda amenewa, musalowe m'madzi amene simukudziwa kuya kwake.

Ndiye ndinene monga m'busa wanu, mwachikondi koma mosazungulira. Kugona ndi mwamuna amene si wanu ndi chigololo, ngakhale cholinga chikhale mwana. Kaya ndi wokwatira, kaya ndi mnyamata amene mwamulonjeza ndalama, kaya tikutcha fisi monga ankachitira makolo, dzina lake pamaso pa Mulungu silisintha. Njira imeneyo sindingaidalitse. Ndikanakunamizani, ndikanakhala wolembedwa ganyu, osati m'busa.

KWA INU AMENE MWANA ALI KALE KUMSANA

Koma musatseke wailesi, inu amene munadutsa kale njira imeneyi. Mwina mwana ali kumsana pomwe mukumvera pano, mwina ali Fomu 2. Bwererani pa Genesis 16 pomwepo. M'chipululu muja, ndani anapita kukamufuna Hagara? Sanali Abramu. Sanali Sarai. Anali mngelo wa Yehova. Anamuitana ndi dzina lake, anapatsa mwana wake dzina lotanthauza kuti Mulungu amamva, ndipo mayi ameneyu, kapolo, mlendo, wothawa, ndi amene anatcha Mulungu kuti ndi Iye amene amaona. Pa chaputala 21 madzi atatha, Mulungu anamva kulira kwa mnyamatayo ndi kuonetsa mayi ake chitsime. Aleluya! Mulungu sanavomereze mapulani a Sarai, koma sanataye mwana wa mapulaniwo.

Choncho mawu akuti mwana wapathengo, mwana wapatchire, ndikupempha achoke pakamwa pa anthu opulumutsidwa. Palibe mwana amene Mulungu anamuumba mwangozi. Ngakhale malamulo a dziko anatitsogolera pamenepa: gawo 23 lomwe lija limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerenga mwana aliyense wa malemu, wobadwira m'banja kapena kunja. Kodi boma lichite chifundo kuposa mpingo? Mayi akalapa, Yesu wamukhululukira, nkhani yatha. Mwana wake timupereka kwa Ambuye kutsogolo monga ana ena onse, osati kuseri kwa tchalitchi Lachitatu.

Abambo, ndinati gawo lanu lilimo, ndi ili. Pa Yohane 8 anthu anakokera kwa Yesu mkazi wogwidwa m'chigololo. Mwamunayo anali kuti? Chigololo sachita munthu mmodzi. Mpaka lero timaimika mtsikana pa benchi ya kumbuyo miyezi isanu ndi umodzi, pamene mwini mimba akutolera chopereka atavala jekete. Ngati muli ndi mwana kwinakwake amene mumamudutsa ngati simumudziwa, Mulungu akumudziwa. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limakukakamizani kumusamala, ndipo mayi ake akhoza kukutengerani ku khoti. Koma musadikire samani. Pitani mukaulule kwa akazi anu, mukaulule kwa Mulungu, mukalipire fizi. Kuyankhula malilime Lamulungu pamene mwana wanu akugona ndi njala ku Kande, Mzimu Woyera sakondwera nazo.

MWANA WA M'MADZI

Tsono mlongo wanga mukufunsa kuti, abusa, mwatseka khomo ili, ndiye nditani, ndingofa choncho? Ayi. Tsegulani Eksodo 2.

Mwana wamkazi wa Farao anatsikira ku mtsinje kukasamba, monga amayi akuno mumatsikira ku nyanja m'mawa. Anaona kabasiketi m'mabango. Atatsegula anapeza khanda likulira, ndipo analimvera chisoni. Ankadziwa kuti ndi mwana wa Ahebri, ankadziwa lamulo la bambo ake, komabe anasankha. M'ndime imeneyi simumva za mwamuna wake, simumva za mimba yake. Mumangomva za mayi amene anaona mwana wosowa, n'kunena mumtima kuti uyu akhala wanga. Anamulipirira womuyamwitsa, anamupatsa dzina lakuti Mose, anamuphunzitsa. Munthu amene anatulutsa Aisraeli mu Igupto anakulira m'manja mwa mayi amene sanamubereke. Estere naye anali wamasiye, anamulera ndi Moredekai. Ngakhale Ambuye Yesu anaphunzira ukalipentala kwa Yosefe amene sanali bambo wake womubala.

Nkhani iyi sindikuikamba ngati ya m'buku chabe. Ine amene ndikulankhula nanu, amayi anga ondibereka anamwalira ndili ndi zaka 6. Bambo anali kale ku ulendo. Pa maliro achibale anakhala pansi kugawana ziwiya, koma pofika pa ine aliyense anayang'ana pansi. Amene anaimirira anali azakhali anga. Anali atapitirira zaka 40, banja lawo linatha kalekale chifukwa akuchimuna ankati ndi chumba. Anangoti, "Mwanayu ndimutenga ine." Anthu anawaseka. Ena anawauza kuti mwana wa mwini ndi gaga, saundika, adzakula n'kukafuna akwawo. Iwo osayankha. Ankadzuka tambala woyamba kukadikira mabwato, kugula usipa, kuyanika pa thandala, kukagulitsa ku Mzuzu. Ankaviika chinangwa, kusinja, kuti ndisagone ndi njala. Nditadwala malungo anandibereka kumsana usiku mpaka ku chipatala, mwera ukuwomba. Tsiku lina ndili Sitandade 5 mnzanga ananditukwana kuti ulibe mayi. Nditawauza, anandigwira pachibwano n'kuti, "Iwe, amayi ako anakubereka ndi mimba, ine ndinakubereka ndi msana. Uli ndi amayi awiri, iyeyo ali ndi mmodzi." Atamwalira, amene ndinagula bokosi ndine, amene ndinalira kuti mayi wanga ndine, ndipo mwana wanga woyamba wamkazi ali ndi dzina lawo. Akuluakulu sananame: mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Ndiye ngati funso lili lakuti, kodi mayi wosakwatiwa, wa zaka 42, wopemphera, angasankhe kukhala mayi payekha osachimwira Mulungu? Yankho langa ndi inde. Njira ilipo, ndipo ndi yoyera. M'midzi yathu muno muli ana amene akugona kwa agogo okalamba amene sangathenso kulima. Muli makanda amene amayi awo anatsikira kuli chete pobereka. Yakobo 1:27 amatiuza kuti chipembedzo chimene Mulungu amachilandira chimaonekera pa ana amasiye ndi amayi amasiye. Inu muli ndi nyumba yopanda mwana, kwinakwake kuli mwana wopanda nyumba. Mwina zaka 12 zimene mwakhala mukupemphera kuti Mulungu akupatseni mwana, kuli mwana amene wakhala akulira kuti Mulungu amupatse mayi.

Ambiri timaganiza kuti kutenga mwana mwalamulo ndi za azungu, chifukwa tinamva za Madonna amene anatenga David Banda mu 2006, Mercy James mu 2009 ndi mapasa mu 2017. Ayi, lamulolo ndi la Amalawi. Limafuna kuti wotenga mwana akhale wa zaka zosachepera 25, ndipo ngati si wachibale, akhale wamkulu kwa mwanayo ndi zaka 21. Silinena kuti mayi akhale pabanja. Poyambira ndi ku ofesi ya Social Welfare ku boma. Iwo amafufuza za mwanayo ndi achibale ake, amabwera kudzaona pakhomo panu, ndipo womaliza kugamula ndi khoti. Palinso njira yongolera mwana m'manja mwanu movomerezeka ndi ofesi yomweyo, popanda kumusintha kukhala wanu kotheratu. Musadutse njira ya kuseri, yopatsana ndalama ndi munthu kuti akupezereni khanda. Kumeneko ndi kugula munthu, ndipo mathero ake ndi ndende.

Koma musanapite, khalani pansi muwerenge mtengo, monga Yesu anaphunzitsira pa Luka 14 za munthu womanga nsanja. Ndikupatsani mafunso oti mupemphere nawo.

Kodi mukufuna mwana kuti mumupatse moyo, kapena kuti atseke pakamwa pa anthu? Mwana si mankhwala a kusungulumwa, si penshoni, ndiponso si wantchito. Ndaona ana ambiri otengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu, n'kukathera pa mtondo ndi pa chidebe cha madzi. Ngati mwamutenga, adye chimene mukudya, agone pamene mwana wanu akanagona.

Kodi achibale a mbali zonse mwakhala nawo pansi, pamaso pa a mfumu, kuti mawa wina asadzabwere kudzamulanda atayamba kugwira ntchito? Kodi mwakonzeka kumuuza zoona za kumene anachokera, adakali wamng'ono, asanamve kwa anzake ku dambwe la mpira? Azakhali anga chaka chilichonse ankanditengera ku manda a amayi anga kukalambula. Sanaope kuti chikondi changa chigawika.

Kodi akadzafika zaka 18, inu mudzakhala ndi zingati? Ngati muli ndi 42 ndipo mwatenga khanda, mudzakhala ndi 60. Yambani lero kusunga, kaya ku banki m'khonde, kaya ku SACCO. Lembani wilo, kuti nyumba ya malata ija isadzalandidwe inu mutangotseka maso. Ndipo mupezereni amuna okhulupirika m'moyo wake, amalume, mkulu wa mpingo, mphunzitsi, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Sindikunamizani kuti kulera mwana wotere kudzachotsa chisoni chonse. Mwina mumtima mudzakhalabe kachilonda kakuti sindinamve mwana akugunda m'mimba mwanga. Lirani, Mulungu sadana ndi misozi ya Hana. Ndiponso sindikuti mwatseka khomo la banja. Mwamuna akhoza kubwera muli ndi zaka 45 kapena 50, ndipo amene ndi wochokera kwa Mulungu sadzathawa chifukwa wapeza mwana pakhomo. Chimene ndikukana ndi chakuti moyo wanu uime ngati bwato lokocheza pa mchenga, kudikira munthu amene simukumudziwa. Simuli theka la munthu. Yesaya 54 ndi Yesaya 56 amalankhula ndi anthu osabereka, ndipo Mulungu amawalonjeza malo ndi dzina m'nyumba mwake. Ena mwa inu Mulungu sanakuitaneni kulera mwana m'nyumba, ndipo simuli ochepa pa chifukwa chimenecho. Paulo analibe mwana womubala, koma Timoteo ankamutcha mwana wake.

MAWU KWA MPINGO

Mpingo, tilape. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, timati amayi onse obereka aimirire tiwaombere m'manja, ndipo timagawa zitenje. Simunaonepo kuti alongo ena tsiku limenelo sabwera? Pa chinkhoswe chilichonse timawafunsa kuti, nanga inu tidya liti? Timayesa nthabwala, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ife sitidziwa mmene amagonera usiku umenewo. Mu mpingo wathu, kuyambira chaka chino, tsiku limenelo adzaimirira mayi aliyense amene analerapo mwana, kaya anamubereka kaya ayi. Ndipo mlongo akatenga mwana wamasiye, amayi a chigwirizano mupite ndi ufa, sopo ndi nsalu monga mumachitira kwa amene wachira ku chipatala. Achinyamata mukamuthandize denga. Mwana ameneyo ndi wa mpingo wonse.

Mlongo wanga wa masabata atatu apitawa, pamene ndikulankhula pano simunandiuze chimene mwasankha, ndipo sindingakusankhireni. Nambala ya bambo uja ikadali m'foni mwanu. Ndikukupemphani m'dzina la Yesu, usiku uno musaimbe. Ndikhululukireni pa zaka 12 zimene ndinakupatsani mawu amodzimodzi osakufunsani za moyo wanu. Ngati mungafune, tsiku limene mwakonzeka, ine ndi amayi busa tidzakwera nanu minibasi mpaka ku boma, tikakhale nanu pa benchi ya ofesi ija. Ndipo ngakhale mutasankha zimene ndakuletsani, khomo la tchalitchi silidzatsekedwa, ndidzakhalabe m'busa wanu, koma ndikukupemphani, musadutse m'chipululu cha Hagara pamene mtsinje wa Mose uli pafupi.

Tiyeni tipemphere. Ikani dzanja pa chifuwa pomwe mulipo.

Atate wakumwamba, Inu amene munamuona Hagara, onani mwana wanu wamkazi amene akulira yekha m'nyumba usiku uno. Inu amene munamva Hana, imvani pemphero limene pakamwa pake patopa kulinena. Kumene kuli kotheka mwa chifuniro chanu, perekani banja loopa Inu, tsegulani mimba. Kumene mwakonza njira ina, tsegulani maso kuti aone kabasiketi m'mabango. Ndikudzudzula mzimu wa manyazi, mzimu wa kutaya mtima, ndi mawu onse achipongwe amene ananenedwa pa iye, m'dzina la Yesu. Khululukirani amene anagwa, dalitsani ana awo, akhale mitu osati michira. Gwirani mitima ya abambo amene anathawa ana awo, asapeze tulo mpaka atabwerera. Ndipo kumbukirani mwana wamasiye amene wagona pa mphasa ya agogo ake usiku uno, mumutumizire mayi. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Amene mukufuna uphungu kapena pemphero pa nkhani imeneyi, bwerani ku tchalitchi Lachinayi masana, amayi busa adzakhalapo pamodzi ndi amayi awiri achikulire, ndipo zimene mudzakambe zidzathera momwemo. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za abambo amene ali pabanja koma mphatso ya mwana sinabwere, chifukwa vuto limeneli si la amayi okha. Asodzi, Ambuye akutetezeni pa madzi. Mulungu akudalitseni nonse.